Kodi Zithunzi za MeerKAT n'Zoona? Mafunso ndi Mayankho

Talemba kabuku aka chifukwa ambiri, ataona chithunzi cha MeerKAT cha pakatikati pa mlalang'amba wathu chimene chidatuluka mu 2018, sanaleke kutifunsa ngati si chopeka cha kompyuta.

Kodi MeerKAT n'chiyani?

Ndi telesikopu ya mbale 64 zotchera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, zoimikidwa ku Karoo m'dziko la South Africa.

Mafundewo saoneka ndi maso. Nanga chithunzi chimachokera kuti?

Zimene mbale ziwiriziwiri zamva zimayerekezedwa, ndipo kompyuta imalumikiza miyesoyo. Koma popeza pakati pa mbalezo pali mipata imene palibe chotchera, chithunzi choyamba chimadza ndi mizere yonyenga kuzungulira chowala chilichonse, monga mwezi uonekera m'madzi ogwedezeka. Mu 1974 Jan Högbom adaonetsa njira yotchedwa CLEAN: kupeza chowala koposa, kuchichotsa pamodzi ndi mizere yake, ndi kubwereza chomwecho kambirimbiri, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi kuchotsako si kukonza chithunzi monga munthu afunira?

Iyayi, pakuti maonekedwe a mizereyo amadziwikiratu mwa masamu, kuchokera pa malo amene mbale zidaimikidwa. Komabe sitibisa kuti woyeretsa mopitirira muyeso angathe kusandutsa phokoso kukhala ngati chinthu chenicheni, ndipo n'chifukwa chake akatswiri amayang'anitsitsa zotsalira asanavomereze chithunzi.

Bwanji cha m'mphepete mwa chithunzi mumakayikitsa?

Apa ndiye pagona vuto lenileni. Masamu akale ankayesa thambo ngati mphasa yoyalidwa, zimene zimakwanira pojambula kadera kakang'ono. Koma dera likakula, kupindika kwa thambo kumapaka zowala za m'mbali ngati inki yonyowa, ndiponso mbale imamva mofooka kumbali kusiyana ndi pakati. Njira ya w-projection ndi pulogalamu ya WSClean, imene idalengezedwa mu 2014, zidadza kudzachepetsa chilema cha kupindikachi, ngakhale sitinganene kuti chidatheratu.

Kodi ntchitoyi imadya ndalama zambiri?

Mwina ndithu, makamaka pa makompyuta ndi magetsi, malinga ndi kukula kwa dera lojambulidwa.

Tibwerezenso: kodi kompyuta singaike chinthu chimene kulibe?

Zingachitike, makamaka pafupi ndi chowala kwambiri. Chinthu chatsopano chimakhulupirika chikaonekanso tsiku lina, kapena pa telesikopu ina.

Nanga kufiira kwa pachithunzi?

Kumeneko n'koikidwa ndi anthu, posonyeza pamene mafunde ali amphamvu ndi pamene ali ofooka.