SH2 imagwirana ndi mapuloteni ati?

Funso: Aphunzitsi, ndikufufuza chigawo cha puloteni chotchedwa SH2, koma ndikulephera kudziwa mapuloteni amene chimagwirana nawo m'selo. Ndiyambire pati?
Wophunzira

Yankho: SH2 imamata pa tyrosine yokhala ndi phosphate. Phosphate ikangochoka, zimasiyana. Choncho chitani izi:

1. Poswa maselo, thiranimo vanadate kuti phosphate isachoke.
2. Lumikizani SH2 ku GST, muimate pa timikanda ta glutathione, muwedze nayo mapuloteni.
3. Bwerezaninso ndi GST yokha. Zomata pamenepo musaziwerengere.
4. Zotsalazo zizindikireni ndi mass spectrometry, mutsimikize ndi co-immunoprecipitation.

Mukapanda kupeza kanthu, kaonaneni ndi akatswiri a proteomics. Njira ya BioID imaonetsa ngakhale mapuloteni ongogwirana kwakanthawi m'maselo amoyo.