Madzi a ku Chilwa ukawawiritsa, bwanji mchere suchoka?

Funso limeneli anandiponyera ndi mtsikana wina wa Fomu 3 amene kwawo ndi cha ku Kachulu, kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa. Tinali pa phunziro la kutentha, ndipo ine ndinali nditangonena kuti kuwiritsa kumayeretsa madzi. Iye anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, nanga bwanji kwathu tikawiritsa madzi a m'nyanja mchere umakhalabe, mwinanso umachita kuwonjezeka?" Anzake anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa anali atandigwira. Mawu oti "kuyeretsa" ndinawalankhula mwachisawawa.

Madzi amanyamula zinthu zamitundu itatu zimene sitizifuna. Pali matope ndi zinyalala, zimene diso limaona. Pali tizilombo toyambitsa matenda, timene diso silingaone. Ndiye pali mchere ndi zina zosungunuka, zimene zalowerera m'madzimo moti ngakhale sefa siyingazigwire. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi njira yake yochichotsera, ndipo njira ya china siigwira pa chinzake.

Tiyambe ndi mcherewo. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira m'nyanja ya Chilwa, koma palibe mtsinje wotulukamo ngati mmene Shire amatulukira m'nyanja ya Malawi. Mitsinje imabweretsa mchere pang'onopang'ono kuchokera m'miyala ndi m'nthaka. Dzuwa likawomba, madzi amasanduka nthunzi n'kukwera, mchere n'kutsala. Chaka ndi chaka, zomwezo. Nyanjayi ndi yosaya kwambiri, n'chifukwa chake inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso, mabwato n'kungokhala pamatope ong'ambika. Kunena zoona, Chilwa ndi mphika waukulu umene dzuwa linauteleka kalekale. Tsono iwe ukatunga madzi ake n'kuwaikanso pamoto, ukungopitiriza ntchito ya dzuwayo: madzi akuchepa, mchere uli pomwepo. Mtsikana uja sananame, umawonjezekadi.

Kuti mchere uchoke, uyenera kugwira nthunziyo. Mukavundukula mphika wowira, timadontho ta pansi pa chivindikiro tilibe mchere. Koma onani mtengo wake. Kutenthetsa lita 1 ya madzi ndi digiri 1 kumafuna ma joule 4,200. Kuchokera pa madigiri 25 kufika pa 100 ndiye kuti 4,200 × 75, omwe ndi ma joule 315,000. Koma kusandutsa lita yomweyo kukhala nthunzi kumafuna ma joule ena 2,260,000, kuposa oyamba aja ka 7. Ndi nkhuni zingati zimenezo pa ndowa ya malita 20? Ndipo mukudziwa mmene nkhuni zikuvutira kuno, asodzi nawo akuzifuna zowambira nsomba. Choncho pa nkhani ya mchere, yankho la pakhomo ndi kusintha kotunga: mjigo wa madzi abwino, pajatu mijigo ina ya kufupi ndi nyanja imatulutsanso amchere, kapena madzi a mvula okhongozeredwa bwino padenga la malata.

Nanga kuwiritsa kumachita chiyani? Kumapha tizilombo, ndipo apa m'pamene pali moyo ndi imfa. Mchere wa ku Chilwa umangokunyansa pakamwa, koma kolera imatha kupha munthu wamphamvu tsiku limodzi lisanathe, thupi litatha madzi. Kachilombo kake, Vibrio cholerae, kamatalika pafupifupi mamaikoromita 2, kutanthauza kuti tikafola tokwana 500 timangodzaza milimita imodzi pa rula yanu. Choipa china n'choti kamakhala bwino m'madzi ofunda okhala ndi kamchere, ngati a nyanja yathuyi. Ganizani za asodzi amene amakhala masabata ambiri pa zimbowera, timisasa toyandama tija: madzi akumwa ndi omwewo, chimbudzi ndi momwemo. N'chifukwa chake mu 2016 panali kampeni yapadera ya katemera wakumwa wa kolera kwa anthu a pa nyanjayi ndi m'mbali mwake. Mliri wa 2022 mpaka 2023 ambiri a inu mukuukumbukira: unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Si vuto lathu lokha ayi. Mabungwe a WHO ndi UNICEF amati anthu oposa 2 biliyoni padziko lapansi alibe madzi akumwa otetezeka pakhomo pawo.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si madzi ovunduka. Amenewo aliyense amawaopa. Ndi madzi oyera mbee, amene munthu amawayang'ana n'kunena kuti "awa ndi abwinobwino." Diso silingaweruze zimenezo.

Ndiye mukatunga madzi okayikitsa, pali ndondomeko, ndipo musaisinthanitse. Yambani ndi matope. Asiyeni madziwo mu ndowa adikhe. Mchenga umatsika msanga chifukwa ndi wolemerera, koma tinthu ta dongo n'tating'ono kwambiri moti timatha kuyandama maola ambiri, choncho musapupulume. Akadikha, tsanulirani apamwambawo mu chiwiya china kudzera pa nsalu. Musainyoze nsaluyo. Ku Bangladesh, gulu la wasayansi Rita Colwell linapeza kuti m'midzi mmene amayi ankasefa madzi ndi nsalu yawo ya sari yopinda kanayi, odwala kolera anachepa pafupifupi ndi theka. Si kuti kachilomboko sikangadutse pa nsalu, kamadutsa bwinobwino. Koma tambiri timakhala titamatirira pa tinyama ting'onoting'ono ta m'madzi, ndipo tinyamato n'timene timakodwa. Chitenje chakale chochapa bwino, chopinda kanayi, chingagwire ntchito yofanana. Koma theka ndi theka basi, kusefa kokha sikukwanira.

Kenako iphani tizilombo. Ngati mukuwiritsa, madzi abwate ndithu kwa mphindi imodzi, osati kungofunda. Kuno kunyanja, pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 600, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 98, ndipo pamwamba pa phiri la Zomba amawira pa madigiri otsikirapo chifukwa mpweya sukanikiza kwambiri. Amene mukukonzekera MSCE, chimenecho chisungeni. Koma tizilombo timafa madzi asanafike n'komwe pamenepo. Kubwatako ndi chizindikiro chabe choti mwadutsa malire popanda kufuna choyezera kutentha.

Ngati nkhuni palibe, pali klorini, kaya WaterGuard wa m'golosale kaya amene amagawa alangizi a zaumoyo. Tsatirani muyeso umene wauzidwa, takasani, dikirani mphindi 30. Apa m'pamene mudzaone chifukwa chake tinayamba ndi matope: klorini amalimbana ndi chilichonse chimene wakumana nacho, ndiye m'madzi amatope mphamvu yake imathera pa matopewo, tizilombo n'kupulumuka. Ena amadandaula fungo lake. Ine ndimati kafungo kameneko n'kabwino, kakukuuzani kuti mlonda akadalipo mu ndowamo.

Njira ina ndi dzuwa lomwe lija. Thirani madzi osefa bwino m'botolo lapulasitiki loonekera mkati, losapitirira malita 2, muligoneke padenga la malata kwa maola 6 dzuwa likuswa mtengo. Kukachita mitambo, masiku 2. Kuwala kwa dzuwa kwa mtundu wa UV pamodzi ndi kutentha kumawononga tizilombo. Madzi akakhala ovunduka kuwalako sikulowa, ndiye botololo lingokhala chofunditsira madzi.

Pomwe mabanja ambiri amagwera ndi posunga. Madzi awiritsidwa bwinobwino, athiridwa mu mtsuko wosavindikira, kenako mwana wochokera kuchimbudzi wapisamo kapu pamodzi ndi zala. Nkhuni zonse zija zapita pachabe. Madzi owiritsa alibe mlonda ngati a klorini, ndiye amafunika chigubu chapakamwa pang'ono kapena ndowa yampopi, yoti muzitsanula osati kupisamo.

Mtsikana uja ndinamupatsa ntchito, ndipo inunso muyese Loweruka lino. Thirani madzi amchere m'beseni, pakati pake muimike kapu yopanda kanthu. Phimbani beseniyo ndi pepala lapulasitiki loonekera, mumange m'mbali, ndipo pamwamba pa kapupo muikepo kamwala kuti pepalalo libwekere pansi. Isiyeni padzuwa tsiku lonse. Madzulo muyeze mamililita amene agwera mu kapu, muwerengere masiku amene angafunike kuti mudzaze ndowa ya malita 20, ndipo yankholo mubwere nalo m'kalasi Lolemba.