Tabuleti: Chida cha Mwana Wopita ku Yunivesite

Makolo a ku Nsaru, Kabudula ndi midzi yozungulira, mwana akasankhidwa kupita ku Bunda, ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku MUST ku Thyolo, zogula zimachuluka: zofunda, chikwama, sopo, makope. Masiku ano pamndandandawo pamawonekanso tabuleti. Imeneyi ndi kompyuta yopyapyala ngati buku, yopanda mabatani olembera, yomwe munthu amaiyendetsa pokhudza galasi lake ndi chala kapena ndi cholembera chake chapadera. Ana ena a kupulayimale aigwirapo kale, chifukwa kuyambira mu 2023 boma lakhala likugawa matabuleti m'sukulu kudzera m'pulogalamu ya BEFIT. Koma ya kuyunivesite mudzagula nokha, ndi ndalama ya fodya, soya kapena mtedza. Ndalamayo idzakhala itagwira ntchito pokhapokha chidacho chitagulidwa kuti mwana azilembamo manotsi ndi kuwerengeramo mabuku, ndipo kasankhidwe kake konse kayenera kutsata ntchito ziwirizi.

Chiyambire pamene sukulu zinatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, aphunzitsi ambiri a m'mayunivesite anazolowera kutumiza manotsi ndi mitu ya mabuku ngati mafayilo a PDF, kudzera pa WhatsApp, Google Classroom kapena Moodle. Wopanda chowerengera amayenera kulipira kuti amusindikizire kapena kumuchitira fotokope tsamba lililonse, ndipo ndalama yooneka yochepayi imatuluka sabata ndi sabata kwa zaka zinayi. Mulaibulale namo buku lofunika limakhala limodzi kapena awiri, olifuna ali khamu. Wa tabuleti amakopera fayiloyo kamodzi pa Wi-Fi ya pasukulu, nkumaiwerenga popanda bandulo, ngakhale ali kumudzi patchuthi komwe netiweki imavuta. Amatha kudula mzere pansi pa mfundo, kulemba funso m'mphepete mwa tsamba, kujambula muzu wa chimanga kapena chigoba cha ng'ombe pafupi ndi mawu a mphunzitsi. Mayeso akayandikira amalemba liwu limodzi lokha, chidacho nkumusonyeza malo onse pamene liwulo likupezeka m'bukumo.

Chofunika kwambiri ndi cholembera chija, ndipo ndicho ambiri amachisiya pofuna kupulumutsa ndalama. Mu 2014 akatswiri awiri a ku America, Pam Mueller ndi Daniel Oppenheimer, anapeza kuti ophunzira otayipa manotsi pa laputopu ankangokopera mawu a mphunzitsi momwe alili, pamene olemba pamanja ankakakamizika kusankha mfundo ndi kuziika m'mawu awoawo, ndipo ankayankha bwino mafunso ofuna kumvetsa. Ofufuza ena atabwereza kafukufukuyu sanapeze kusiyana kwakukulu chotero, choncho tisamukokomeze. Komabe pali chifukwa china chosatsutsika: mayeso ambiri m'mayunivesite athu amalembedwa ndi bolopeni papepala, kwa maola awiri kapena atatu. Dzanja lomwe lakhala likulemba chaka chonse silitopa msanga tsiku limenelo. Tabuleti yokhala ndi cholembera imasunga chizolowezi chimenechi, pamene yopanda cholembera imangosanduka foni yaikulu.

Wina anena kuti foni yomwe mwana ali nayo ndi yokwanira. Polandira mauthenga ndi yokwaniradi, koma kuwerenga masamba 40 okhala ndi matebulo ndi zithunzi pakagalasi kakang'ono kumatopetsa maso, ndipo uthenga uliwonse wolowa umadula maganizo. Wina ati bola laputopu. Ameneyu akunena zoona pa maphunziro ena: wa uinjiniya, wa zamakompyuta, kapena wa chaka chomaliza amene akusanthula manambala a kafukufuku wake amafuna mapulogalamu omwe tabuleti siingayendetse bwino. Ngati ndalama ikukwanira chimodzi chokha ndipo maphunziro ndi otere, gulani laputopu. Nanga magetsi, poti nyumba zambiri za m'midzi yathu zilibe a ESCOM? Apa tabuleti ikupambana, pakuti batire yake imakhalitsa powerenga kuposa ya malaputopu ambiri, ndipo sola yapanyumba yotchajira mafoni itha kuidzaza, ngakhale pang'onopang'ono. Amene akukumbukira kuzimazima kwa magetsi namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 akudziwa kuti vutoli limafika ndi m'tauni momwe.

Mtengo ndiye nkhani yolemera, makamaka kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pakuti zida zonsezi zimachokera kunja. Ngongole za maphunziro zochokera ku bungwe la HESLGB sizifikira wophunzira aliyense, ndiye banja lisagulitse chimanga cha m'nkhokwe chifukwa cha tabuleti; mwana atha kuyamba ndi makope. Kuba ndi kusweka nazo zimachitika m'mahositelo. Chotetezera chake ndi chikuto cholimba, pasiwedi, ndi kusunga manotsi onse pa Google Drive kapena OneDrive sabata iliyonse, kuti chidacho chikatayika ntchito ya chaka chonse isapite nacho.

Musanalipire, mwana afunse kudipatimenti yake ngati maphunziro ake akufuna laputopu. Musitolo, sankhani ya galasi la mainchesi 10 kapena kuposerapo ndi malo osungira osachepera 64 GB. Musakhulupirire za pakatoni zokha: mwanayo alembe chiganizo chathunthu ndi cholemberacho, dzanja litatsamira pagalasi, aone ngati inki ikutsata dzanja mosachedwa. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, onetsetsani kuti mwini wakale wachotsamo akaunti yake, ndipo musachoke popanda lisiti.