Kodi Munthu Angathe Kuona Zobisika?

M'midzi yathu ya ku Mvera ndi m'mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi timamva kawirikawiri mau otere: "Uje ali ndi mizimu, amaona zobisika," kapena, "Ine mtima udandiuza kale." Nkhani imeneyi si yongochezera pamoto ai, pakuti chifukwa cha iyo mabanja apasuka, ndipo nkhalamba zosalakwa zapirikitsidwa m'midzi mwao. Tsono tiyeni tiiphunzire mwadongosolo.

1. Zipata zisanu

Mulungu adapatsa thupi lathu zipata zisanu zolowera nzeru: maso, makutu, mphuno, lilime ndi khungu. Makolo athu adaphatikiza zinai mwa izo m'liu limodzi la "kumva": timamva mau, timamva fungo, timamva kukoma, timamvanso kuzizira. Ngakhale dzina la dera lathu lino likutikumbutsa liu lomweli. Thomas Aquinas Woyera, mphunzitsi wamkulu wa Eklezia amene adamwalira chaka cha 1274, adaphunzitsa kuti nzeru zathu za chibadwidwe zimayambira pa zipata zimenezi.

Komabe zipatazo zimanyengeka. M'buku la Genesesi, mutu 27, Isaki atakalamba ndi kuchita khungu, makutu ake adamuuza zoona kuti wolankhulayo ndi Yakobo. Koma manja ndi mphuno zidamnamiza kuti ndi Esau, ndipo dalitso lidapita kwina.

2. Mtima ukamanena

Taonani mlimi wachikulire wa m'mapiri muno. Mwezi wa Okutobala kukagwa mvula, anyamata amathamangira mbeu, iye amati: "Dikirani, ichi ndi chizimalupsa chabe." Sadaombeze ula. Kwa zaka zambiri wakhala akuona mitambo yokwera kuchokera ku chigwa cha Salima, wamva kumene mphepo ikuchokera, wayang'ana masamba atsopano a mitengo ya mombo. Zonsezi zidaunjikana m'mutu mwake, ndipo tsopano zimamyankha msanga iye asanaziwerenge chimodzichimodzi.

Chimodzimodzi mai wodzuka pakati pa usiku nanena kuti mwana sali bwino. Khungu lake lamva kutentha kwa thupi la mwanayo, makutu ake amva kupuma kosinthika, ngakhale anali m'tulo. Msodzi wa ku Senga Bay naye amakokera bwato kumtunda mwera usanafike. Apa palibe matsenga. Ndi mphatso ya Mulungu yokula ndi chizolowezi, monga akuluakulu adanena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo zindikirani ichi: mlimi amadziwa za mvula, msodzi za nyanja, mai za mwana wake. Aliyense mtima umamuuza zoona pa zokhazo zimene wazipenya nthawi yaitali.

Nanga maloto ndi malodza? Munthu amalota maloto ambirimbiri pa chaka. Limodzi likafanana ndi zochitika, amalikumbukira nalisimba pa maliro onse. Otsalawo, amene adapita pachabe, amawaiwala.

3. Odzitcha oona zobisika

Dziko lathu lawaona ambiri. M'zaka za m'ma 1930 anthu a mchape adayendayenda m'midzi ndi timagalasi, namati mfiti imaonekera m'galasimo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 makamu a anthu adapita kwa Chikanga ku Rumphi, ena kuchokera ku Tanganyika, kuti akawauze wowalodza. Chaka cha 1995 Billy Goodson Chisupe wa ku Machinga adati walota mankhwala a Edzi. Anthu zikwizikwi adakamwa, koma nthendayo sidathe. Nthawi zonse khamu limabwera ndi chiyembekezo, kenaka limabalalika, mavuto ali pomwepo.

Akatswiri a maphunziro nawo adayesa nkhaniyi. M'zaka za m'ma 1930 J. B. Rhine wa pa yunivesite ya Duke ku America ankabisa makadi 25 a zizindikiro za mitundu isanu, nauza anthu kuti atchule chizindikiro cha khadi lililonse osaliona. Wongolotera chabe amakhoza pafupifupi 5 mwa 25. Rhine adati ena amaposa apo. Koma anzake atabwereza mayesowo mosamala, natseka mipata yonse yoonera kapena kumvera, mphamvuyo sidaonekenso. Boma la America nalo lidalipira anthu otere kwa zaka zambiri kuti aziona zinsinsi za adani ali kutali, koma lidatseka ntchitoyo mu 1995 poona kuti palibe chothandiza chidatulukamo.

4. Eklezia akuti chiyani?

Eklezia sakana kuti Mulungu angathe kuululira munthu chinsinsi, monga adachitira ndi aneneri. Koma imeneyo ndi mphatso yaulere ya Mulungu. Siigulidwa ndi mbuzi, ndipo munthu sangaiitane pamene wafunira. Eklezia safulumira kuvomereza zodabwitsa. Ku Lourdes kuli bungwe la madokotala lofufuza onse onena kuti achira mozizwitsa. Mwa nkhani zoposa 7,000 zimene adalandira, zovomerezedwa kuti ndi zozizwitsa sizidakwane 100.

Kuombeza ula kudaletsedwa m'buku la Deuteronomo, mutu 18, ndipo Katekisimu wa Eklezia Katolika wa chaka cha 1992 akubwereza chiletsocho pa nambala 2116. Woombeza amalakwira lamulo loyamba, pakuti amachotsa chikhulupiriro chake mwa Mulungu. Ndipo akaloza chala mnzake amalakwiranso lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama. Kawirikawiri amafika mpaka pa lachisanu. Mu Januwale 2016 ku Neno mphenzi idapha mtsikana, ndipo khamu la anthu lidapha nkhalamba zinai pozinenera kuti ndizo zidatuma mphenziyo. Palibe diso lidaziona zikuchita zimenezo. Ngakhale lamulo la boma la chaka cha 1911 lidaletsa kunenera munthu ufiti ndi kumwetsa mwabvi.

5. Tichite chiyani?

Munthu akakuuzani kuti waona chobisika, mufunseni mafunso atatu. Loyamba: wadziwa bwanji, waona chiyani, wamva kwa yani? Lachiwiri: kodi zimene akunenazo tingathe kuziyesa tonse poyera? Mau a mlimi amayesedwa ndi mvula, mau a mai amayesedwa ndi dokotala. Koma wonena kuti agogo auje amauluka usiku sapereka choyesera. Lachitatu: chipatso chake nchiyani, mtendere kapena chidani, ndipo apindula ndani?

Mtima ukakuuzani kuti mwana akudwala, umvereni, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti malungo sayembekeza. Koma mtima ukakuuzani kuti mnansi wanu ndi mfiti, uletseni, chifukwa chimene chikulankhula pamenepo ndi chisoni, mantha kapena nsanje yakale. Inu aphunzitsi a katekisimu ndi atsogoleri a miphakati, maliro akagwa mwadzidzidzi fikani msanga pakhomopo, mutonthoze ofedwa, ndipo mukhale pafupi ndi nkhalamba zimene anthu ayamba kuzinong'ona. Lamulungu likudzali muwerenge pamodzi Deuteronomo 18, ndi kukambirana mafunso atatuwa. Mulungu amene adatipatsa maso ndi makutu atithandize kuzigwiritsa ntchito m'choonadi ndi m'chikondi.