Mpweya Woipa M'khola la Nkhuku: Phunziro kwa Alimi a ku Mbulumbuzi

Miyezi ya Juni ndi Julayi ikafika, chiperoni n'kukuta phiri la Chiradzulu, alimi ambiri amatchinga mawindo a makola ndi masaka kuti nkhuku zisazizidwe. Cholinga chake n'chabwino, koma potsekereza mphepo amatsekeranso m'kati mpweya wa amoniya, uja umaswa mphuno ndi kulizitsa misozi munthu akangotsegula khola m'mawa.

Mpweyawu umachokera m'zitosi. Zoyala pansi, monga utuchi wa matabwa, mankhusu a mpunga kapena makoko a mtedza, zikanyowa, mabakiteriya amaswana n'kusandutsa naitrojeni wa m'zitosi kukhala amoniya. Akatswiri a ziweto amati m'khola amoniya asapitirire 25 ppm, kutanthauza magawo 25 pa magawo 1,000,000 a mpweya. Akapitirira, amatupitsa maso a nkhuku ndi kuwononga njira yopumira, motero chitopa ndi chifuwa zimalowa mosavuta. Nkhuku zimachepetsa kudya, zimachedwa kukula, ndipo zoikira zimachepetsa mazira. Zoyala zonyowa zimayambitsanso zilonda kumapazi ndi matenda otsekula magazi. Ngakhale nkhuku za Mikolongwe, za mtundu wa Black Australorp, zomwe zidatenga dzina ku malo oswetsera ziweto a m'boma lomwe lino, sizipirira khola lotere.

Asayansi akunja akuyesa kuthana ndi vutoli ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa nanoparticles, tomwe kukula kwake ndi pakati pa nanomita 1 ndi 100. Mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000. Chinthu chikaperedwa kufika pamenepo, malo ake okhudzana ndi mpweya ndi tizilombo amachuluka kwambiri, choncho pang'ono pokha pamagwira ntchito yaikulu. Tinthu ta zinc oxide ndi ta siliva timapha mabakiteriya, pomwe ta titanium dioxide, tikapakidwa pakhoma n'kuwalitsidwa ndi nyali ya UV, timaphwanya mipweya yonunkha. Njira yachiwiriyi idayesedwa ku Iowa State University, ku America. Komabe luso limeneli n'lokwera mtengo, ndipo kafukufuku akupitirira wofuna kuona ngati zotsalira zake m'manyowa sizingawononge nthaka ndi madzi.

Phunziro lake kwa mlimi wa ku Mbulumbuzi n'lakuti asayansiwo akulimbana ndi zinthu zitatu zomwe iye angathe kuzichepetsa lero osagula mankhwala: chinyezi, tizilombo ndi mpweya wotsekeredwa.

Zoyala zikhale zouma, zokhuthala masentimita 5 mpaka 10, ndipo zizitembenuzidwa kawirikawiri. Poziyesa, mlimi afumbate pang'ono n'kutambasula dzanja. Zikamwazika zili bwino, koma zikaumbika ngati dongo, madzi achuluka. Malo onyowa, makamaka mozungulira zomwera, azichotsedwa tsiku lomwelo n'kuikapo zouma. Zomwera zikhale molingana ndi msana wa nkhuku, ndipo denga lodontha likonzedwe mvula isanayambe.

Pozizira, masaka atchinge m'munsi mokha, kumwamba kusiyidwe mpata wotulukira mpweya. Pofuna kudziwa mmene khola lilili, mlimi agwade n'kununkhiza pomwe pamafika mitu ya nkhuku, chifukwa amoniya amachokera pansi. Mphuno imazolowera fungoli, choncho maso akayamba kulasa, nkhuku zavutika kale.

Ena amawaza phulusa kapena laimu pa zitosi poganiza kuti akupha fungo. Ziwirizi zimafulumizitsa kutuluka kwa amoniya, choncho zisathiridwe nkhuku zili momwemo. Gulu lina likagulitsidwa, zoyala zonse zichotsedwe, khola litsukidwe ndipo likhale lopanda nkhuku kwa masabata awiri.

Amoniya wouluka m'khola ndi naitrojeni yemwe akadakometsa manyowa a m'dimba la tomato ndi kabichi. Zoyala zakale ziunjikidwe pamthunzi n'kuphimbidwa mpaka zitawolerana. Amene nkhuku zake zikutsokomola kapena kutupa maso aonane msanga ndi mlangizi wa ziweto wa m'dera lake, asanayambe kugula mankhwala pamsika.