Kugogoda kwa injini m'magalimoto akale a kabuleta: mafunso ndi mayankho

Kodi kugogoda kumeneku n'chiyani?

Ndi phokoso lofanana ndi la timiyala tokhutchumulidwa m'chitini, lomwe limamveka injini ya petulo ikamakoka katundu wolemera, makamaka pokwera mtunda pa giya yapamwamba. Injini ikakhala bwino, pulagi imayatsa petulo wosakanikirana ndi mpweya ndipo moto umafalikira pang'onopang'ono m'silinda monse. Koma kutentha ndi kupanikizika zikapyola muyeso, gawo lomwe moto sunalifikire limaphulika lokha mwadzidzidzi, ndipo kuphulikako n'komwe kumamenya pisitoni ndi makoma a silinda. Kukapitirira kwa nthawi yaitali kumathyola timizere togwira malingi, kumapsereza gasiketi ya hedi, ngakhale kuboola pisitoni imene.

Nanga kumasiyana bwanji ndi maphokoso ena?

Kugogodaku kumaleka msanga dalaivala akachotsa phazi pamoto kapena akatsitsa giya. Matapeti amalirabe ngakhale galimoto itaima, bola injini ikulira, pomwe mabering'i akutha amagunda molemera, pansi pa injini.

N'chiyani choyenera kuyamba kuyang'ana?

Taimingi, kutanthauza nthawi yomwe pulagi imatulutsira moto poyerekeza ndi pomwe pisitoni yafika. Pa magalimoto monga Nissan 1400 kapena Toyota Hilux yakale, taimingi imasinthidwa potembenuza distiribyuta, ndipo amakaniko ambiri amaipititsa patsogolo ndi khutu lokha mpaka injini imveke yamphamvu ili chiimire, osalingalira kuti galimoto ikasenza matumba a chimanga moto woyambirira choterowo umakumana ndi pisitoni ikadali kukwera. Njira yodalirika ndi kugwiritsa ntchito tochi ya taimingi pa zizindikiro zomwe zili pa pule, injini itatentha ndipo kapaipi ka vacuum advance katazulidwa ndi kutsekedwa ngati buku la galimotoyo likutero. Vacuum advance ndi chipangizo chomwe chimapititsa moto patsogolo injini ikamayenda mopepukidwa. Mkati mwa distiribyuta mulinso tizitsulo tolemera tomwe timatambasuka injini ikathamanga, ndipo masipuling'i ake akafooka moto umafulumira nthawi isanakwane, ngakhale taimingi yoyambira itakhala yolondola.

Kodi petulo ali ndi mbali yanji?

Mphamvu ya petulo yokana kuphulika yekha imayezedwa ndi nambala ya okiteni, ndipo nambalayo ikatsika kugogoda kumayamba msanga. Petulo wothiridwa palafini, monga momwe amakhalira wina wogulitsidwa m'zigubu mafuta akasowa, ali ndi okiteni yotsika kwambiri, choncho phokoso loyamba atangothira mafuta atsopano liyenera kukayikitsa mafutawo distiribyuta isanakhudzidwe. M'Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanolo kuyambira mu 1982. Ethanolo amakweza okiteni, koma popeza ali ndi okosijeni mkati mwake, amachititsa kuti kabuleta yomwe kale inali yotsina mafuta itsinenso kwambiri.

Kutsina mafuta kukutanthauza chiyani?

Kukutanthauza kuti mpweya wachuluka kuposa petulo, ndipo msanganizo wotere umatenthetsa silinda. Zoyambitsa zake ndi majeti otsekeka, omwe ndi timabowo toyeza mafuta m'kabuleta, fuloti yotsika, sefa yamafuta yakuda, komanso mpweya wolowera pa mapaipi ong'ambika kapena pa gasiketi ya pansi pa kabuleta. Pulagi yoyera mbee kunsonga imapereka umboni wa vutoli.

Bwanji ngati zonsezi zili bwino koma injini ikugogodabe?

Pamenepo maso aloze ku kutentha ndi ku hedi. Rediyeta yodzaza matope, fanibeluti yolobodoka ndi themositati yomata zimawiritsa injini, ndipo pulagi ya mtundu wosunga kutentha kuposa womwe wopanga anaulemba imawonjezera vuto. Mwaye wa kaboni wounjikana pa pisitoni umachepetsa malo oyakira mafuta n'kukweza kupanikizika, ndipo zimenezi zimachitikanso hedi ikapalidwa kangapo, mfundo yomwe kawirikawiri imaiwalika pa galimoto yomwe yadutsa m'manja mwa eni ake ambiri. Malo nawonso ali ndi gawo lake: m'madera otsika mpweya umakhala wochuluka m'silinda, kotero galimoto yosamveka kanthu ku Dedza ikhoza kuyamba kugogoda pokwera phiri kuchokera ku Chikwawa m'mwezi wa Okutobala.

Kodi kungobweza taimingi sikokwanira?

Kubweza madigiri 2 n'kuyesa galimoto pamtunda ili ndi katundu ndi njira yovomerezeka, koma kubweza mopitirira pofuna kungoletsa phokoso kumabisa matenda, kumachepetsa mphamvu, kumamwetsa mafuta ambiri ndi kutenthetsa mavavu otulutsa utsi. Injini yomwe imakhala chete pokhapokha taimingi itabwezedwa kutali ndi muyeso wa m'buku ili ndi vuto lina lomwe silinapezeke, ndipo mwini wake sayenera kuinyamulitsa katundu wolemera mpaka kabuleta, rediyeta ndi hedi zitayang'anidwa.