Tabuleti, Buku ndi Mwana wa kwa Chulu: Phunziro la Makolo ndi Makomiti a Sukulu

Makolo ndi atsogoleri a m'mawodi a kwa Chulu, phunziro la ulendo uno likukhudza zipangizo zamakono zimene zikulowa m'sukulu za pulayimale za dziko lino, makamaka matabuleti ophunzirira kuwerenga ndi masamu. Ena mwa inu mwawaona kale, ena mwangomva mbiri yake. Funso loti tiliyankhe pamodzi ndi ili: kodi chipangizo chotere chimamuthandiza bwanji mwana, nanga chimalephera pati? Yankho lake lili ndi mbali ya boma ndi mbali ya aphunzitsi, koma mbali ina yaikulu ili m'manja mwa inu eni mudzi.

Vuto limene matabuleti adzera

M'chaka cha 1994 boma linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. M'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana anachuluka, koma aphunzitsi, zipinda ndi mabuku sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Mpaka lero si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ataimirira pamaso pa ana oposa 100 a Sitandade 1. M'kalasi yotere mphunzitsi amaphunzitsa onse phunziro limodzi pa liwiro limodzi. Mwana amene sanamve liwu la chilembo lero amapitirira nawo mawa osalimva, ndipo mpata umene wasiyawo umanka nukula chaka ndi chaka.

Zotsatira zake zinaoneka pa kafukufuku wa MICS amene ofesi ya National Statistical Office inachita mothandizana ndi UNICEF m'zaka za 2019 ndi 2020. Mwa ana 100 aliwonse a zaka 7 mpaka 14, ana 19 okha ndiwo anatha kuwerenga kankhani kofewa ndi kukamvetsa, ndipo 13 okha ndiwo anakhoza masamu oyambira. Ambiri mwa ana amenewa ali pasukulu ndithu. Chimene chikusowa ndi nthawi yoti mwana aliyense aphunzire payekha, kuyambira pamene nzeru zake zafika.

Mmene tabuleti imaphunzitsira

Njira ya matabuleti inayamba kuyesedwa kuno kwathu m'chaka cha 2013 pasukulu ya pulayimale ya Biwi mu mzinda wa Lilongwe. Bungwe la onebillion la ku Britain ndilo linakonza maphunziro a m'makinawo, bungwe la VSO linathandiza kuwafikitsa kusukulu, ndipo Dr Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham anatsogolera kafukufuku wake. Ana a m'makalasi oyambirira ankaphunzira masamu pa tabuleti mphindi 30 patsiku kwa masabata 8. Pomaliza, ana amenewa anakhoza bwino masamu kuposa anzawo amene anangotsata maphunziro a masiku onse. Mu 2019 maphunziro a onebillion anakhala amodzi mwa awiri amene anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Global Learning XPRIZE, utayesedwa m'midzi ya ku Tanzania.

Mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayamba ndondomeko yotchedwa BEFIT mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion. Inayambira m'sukulu 500, ndipo cholinga chake n'chakuti, pang'onopang'ono, ifike m'sukulu zonse za pulayimale za boma, zimene zilipo pafupifupi 6,000, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Tabuleti siifuna intaneti, pakuti maphunziro onse ali kale m'kati mwake. Siidaliranso magetsi a ESCOM, chifukwa imatchajidwa ndi sola. Mwana amavala zomvera kukhutu, ndipo makinawo amamulankhula m'Chichewa. Amayamba ndi kumuyesa pang'ono kuti adziwe pamene ali, kenaka amamupatsa phunziro lomuyenera. Akalakwa amamuuza nthawi yomweyo ndi kumupatsa mwayi wobwereza, popanda anzake kumuseka. Wofulumira amapitirira, wochedwa sathamangitsidwa. Apa ndiye pagona mphamvu ya chipangizochi: chimachita chimene mphunzitsi mmodzi sangathe kuchitira ana 100 pa nthawi imodzi. Koma mphunzitsi ndiye amakhazika ana, kuona amene wasokonezeka, ndi kulumikiza za pa tabuleti ndi za pa bolodi ndi m'buku. Tabuleti ndi wothandiza mphunzitsi, si wolowa m'malo mwake.

Chipangizo pachokha sichiphunzitsa

Maiko ena anatitsogolera, ndipo tiyenera kutengerapo phunziro. Dziko la Peru ku South America linagawa makompyuta ang'onoang'ono kwa ana a sukulu zakumidzi pansi pa ndondomeko ya One Laptop per Child. Kafukufuku amene banki ya Inter-American Development Bank inatulutsa mu 2012, atachitika m'sukulu 319, anapeza kuti ana anazolowera kugwiritsa ntchito makinawo, koma kukhoza kwawo pa masamu ndi chilankhulo sikunasinthe. Makina anafika, koma sanalumikizidwe bwino ndi zimene mwana amayenera kuphunzira tsiku ndi tsiku.

Ngakhale kuno kwathu tinaonapo zofanana. Pulogalamu ya pa wailesi ya Tikwere, imene inayamba kuulutsidwa mu 2008, inkathandiza pamene mphunzitsi anali ndi wailesi yogwira ntchito ndipo ana ali m'kalasi pa ola lake. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha matenda a Covid-19, maphunziro anaulutsidwanso pa wailesi, koma mwana wa m'nyumba yopanda wailesi, kapena amene anali kumunda pa nthawiyo, sanapindule kanthu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Tabuleti imene ili m'bokosi lokhoma ikadali fodya wa pachala. Phindu lake timaliwerenga pokhapokha mwana akakhala nayo pansi, tsiku ndi tsiku, mpaka kuwerenga kutalowa m'mutu.

Nyengo ya fodya ndi mphindi 30

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza dera lathu mwapadera. Kwa Chulu, monga m'madera ambiri a Kasungu, chaka chimayenda motsatira fodya. Kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa kumachitika kuyambira Januwale mpaka Marichi, pamene teremu yachiwiri ili pakati. Kusankha ndi kudinda mabelo opita ku okushoni ya Chinkhoma kumatsatira pomwepo. Ntchito ikachuluka pakhomo, manja a ana amaoneka ngati thandizo lapafupi.

Tiyeni tiwerengetse. Mphindi 30 patsiku kwa masiku asanu ndi maola awiri ndi theka pa sabata. Mwana akajomba masabata 6 m'nyengo yothyola wataya maphunziro 30, amene ndi maola 15. Tabuleti idzamulandira pamene anasiyira, koma siingamubwezere masiku amene anzake anali kupita patsogolo. Zikachitika chaka chilichonse kuyambira Sitandade 1, mwanayo afika Sitandade 5 asanakhwime pa kuwerenga, ndipo kumeneko maphunziro amakhala m'Chingerezi. Ambiri amene amasiya sukulu amagwera pamenepa.

Lamulo la zamaphunziro la 2013 limati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza kwa mwana aliyense, ndipo lamulo la zantchito limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Kuwonjezera apo, fodya wamuwisi, makamaka wonyowa ndi mame, amalowetsa chikonga kudzera pakhungu, zimene zimabweretsa chizungulire, mutu ndi nseru. Kumuchotsa mwana m'munda wa fodya ndi kumuteteza pawiri: thupi lake ndi tsogolo lake.

Laibulale imapitiriza pamene tabuleti yalekezera

Matabuleti a BEFIT amalekezera pa Sitandade 4. Ntchito yawo ndi kutsegula khomo la kuwerenga. Mwana akalowa pakhomopo ayenera kupeza chowerenga, apo ayi lusolo limachita dzimbiri ngati khasu losiyidwa pamvula. Chitsanzo chake sitikachifuna kutali, chili m'boma lathu lomwe lino.

William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe anasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, makolo ake atalephera kulipira fizi. Anayamba kubwereka mabuku ku laibulale yaing'ono ya pasukulu ya pulayimale ya Wimbe. Kumeneko anapeza buku la Chingerezi lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake panali chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankatsatira zithunzi ndi kufufuza tanthauzo la mawu amodzi amodzi. Anatola zitsulo zotayidwa pa esiteti yakale ya fodya, nawonjeza njinga yakutha, dayinamo, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugama, mpaka anayatsa getsi m'nyumba ya kwawo. Mu 2007 anakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, mu 2009 mbiri yake inatuluka m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America.

Tikamafotokoza nkhaniyi timakonda kutama nzeru za mnyamatayo, ndipo n'zoyenera. Koma taonaninso zina zitatu zimene zinalipo. Chipinda cha mabuku chinali chotsegula. Munali munthu wosamalira mabukuwo. Ndipo mwana amene sanalinso m'kaundula wa sukulu analoledwa kubwereka buku n'kupita nalo kwawo. Chimodzi mwa izi chikanasowa, nzeru zija zikanathera kumunda.

M'sukulu zambiri mabuku alipo, koma amakhala m'makatoni mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu poopa kuti angang'ambike kapena kusowa. Mantha amenewa ndi omveka, koma buku lodyedwa ndi chiswe m'katoni latayika koposa buku long'ambika m'manja mwa mwana. Laibulale ya sukulu siifuna nyumba yaikulu. Ifuna shelefu youma yotalikira pansi, kope lolembamo obwereka, mphunzitsi mmodzi woyang'anira, ophunzira a m'makalasi akuluakulu omuthandiza, ndi ola lodziwika pa sabata la kalasi iliyonse. Bungwe la National Library Service, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe, limathandiza sukulu pa nkhani ya mabuku. Luso lamakono lingathandizenso pano: pa intaneti pali nkhokwe ya African Storybook, mmene muli timabuku ta nthano m'zilankhulo za mu Africa, kuphatikizapo Chichewa, timene mphunzitsi angatsitse pa foni kwaulere ndi kusindikiza.

Zoyenera kuchita m'wodi mwathu

Choyamba, komiti yoyendetsa sukulu ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi aziona kaundula wa ojomba mwezi uliwonse, makamaka kuyambira Januwale mpaka Epulo. Amayi a Mother Group ndi mafumu ayendere makomo amene ana awo asowa m'kalasi, kukambirana kusanafike pa chindapusa.

Chachiwiri, chitetezo cha zipangizo chikhale nkhani ya mudzi wonse. Sola ndi mabatire zimakopa akuba, ndipo zikabedwa matabuleti onse amazima tsiku lomwelo. Sukulu imene yalandira kale, ngakhale imene ikudikira, ikonze chipinda cha chitseko cholimba ndi denga losadontha, igwirizane za mlonda, ndipo achitetezo cha m'mudzi adziwe udindo wawo. Wogula batire kapena sola ya sukulu ndi mnzake wa wakubayo.

Chachitatu, shelefu, kope la obwereka ndi ola lowerenga zilembedwe m'pulani yotukula sukulu, kuti ndalama za SIG zikabwera zikhale ndi gawo lake. Zofuna ndalama zambiri, monga chipinda chatsopano, zidutse ku VDC, zipite ku ADC, kuti khansala wanu azifikitse ku khonsolo zili zolembedwa.

Chachinayi, kholo lililonse, ngakhale losadziwa kuwerenga, limuuze mwana kuti aliwerengere mokweza madzulo kwa mphindi zochepa. Khutu la kholo limadziwa kusiyanitsa mwana wowerenga mosadodoma ndi wongoloweza. Mukaona kuti zikuvuta, kaonaneni ndi mphunzitsi wake kapena mlangizi wa sukulu za pulayimale wa m'zoni yanu teremu isanathe.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa VDC

1. Kodi ndi ana angati a Sitandade 1 mpaka 4 a m'mudzi mwathu amene anajomba koposa sabata imodzi m'nyengo yothyola fodya yapitayi, ndipo chifukwa chake chinali chiyani?

2. Kodi mabuku a pasukulu yathu ali pati lero, ndipo mwana angabwereke tsiku liti?

3. Kodi chipinda chosungiramo zipangizo chili bwanji, ndipo amachilondera usiku ndani?

4. Kodi mwana amene anasiya sukulu angaloledwe kubwereka buku pasukulu yathu?

Mayankho anu alembedwe m'kope la msonkhano ndi kuperekedwa kwa wapampando wa ADC, kuti pokonza mapulani a chitukuko cha dera la Chulu nkhani ya kuwerenga kwa ana ikhale pa mndandanda pamodzi ndi mijigo, milatho ndi misewu.